KACHILONDA SIKACHEPA

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za zilonda ndi zithupsa. Ife a m'mphepete mwa nyanja mabala satisowa: lero munga wa kampango, mawa khasu m'munda wa chinangwa. Kwa munthu wamphamvu bala lotere limapola lokha. Koma kwa amene chitetezo cha m'thupi mwake chinafooka, monga wodwala shuga, amene ali ndi kachilombo ka HIV, nkhalamba kapena mwana wonyentchera, kabala komweko kangathe kumudulitsa mwendo, ngakhale kumupha kumene.

Pakhungu pathu pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa bakiteriya. Khungu likang'ambika, kaya ndi bala kaya ndi kukanda mphere, timalowa m'kati ndi kuswana. Pamalopo pamatupa, pamatentha, pamanyezimira ndiponso pamapweteka. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho khudzani ndi dzanja ndi kuyerekeza ndi mwendo winawo. Lembani mzere ndi cholembera kuzungulira potupapo. Kutupa kukadumpha mzerewo, matenda akufalikira. Mafinya, mwanabere, kunjenjemera ndi kutentha thupi nzizindikiro zoopsa, koma dziwani kuti munthu wofooka angathe kudwala kwambiri thupi losatentha konse.

Wodwala wotere mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Kande, ku Mpamba kapena ku Chintheche. Inu a ku Usisya, kumene ulendo umavuta m'nyengo ya mvula, ndiye musazengereze mpang'ono pomwe. Musawabisire adokotala matenda ena amene wodwalayo ali nawo, ndipo lolani kuti amuyeze shuga ndi HIV. Chithupsa chokhwima amachitumbula ndi zipangizo zaukhondo. Mankhwala onga cloxacillin akaperekedwa, amwe onse mpaka atathe, ngakhale bala litayamba kuuma. Zikakula amatumiza wodwala kuchipatala chachikulu cha Nkhata Bay kukalandira jekeseni wa m'mitsempha.

Kunyumba musafinye chithupsa, musatemere, ndipo musathire phulusa kapena zitsamba pabala. Tsukani ndi sopo ndi madzi owiritsa ozizira, ndi kumanga ndi kansalu koyera. Wodwala shuga muzimuona kumapazi madzulo alionse, pakuti angathe kulasidwa osamva.

Mankhwala a ARV akhala aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004. Amene ali pa mankhwalawa asadumphitse, pamodzi ndi Bactrim ngati anapatsidwa, chifukwa ndiwo mpanda wa thupi.

Amayi, maso a banja ndinu. Tidzachezanso sabata yamawa.