Musanalote foloko yopepuka, sonkheranani kaye kapampu

Mnzanga wina amene timakwera naye phiri la Zomba Loweruka m'mawa watha miyezi inayi akusunga ndalama. Mtima wake uli pa foloko ya mashoko yopepuka, ya mtundu umene anthu a mipikisano ku Ulaya amaika pa mountain bike zawo. Mufoni mwake mwadzaza zithunzi za mafoloko atapachikidwa pa sikelo, ndipo magalamu a iliyonse amawadziwa pamtima kuposa masiku a mayeso. Tsiku lina tikupuma pa damu la Mulunguzi ndinagwira handulo ya njinga yake n'kukanikiza, kuti ndimve mmene foloko imene ali nayo panopa ikugwirira ntchito. Sinalowe ngakhale pang'ono. Kaloko kabuluu ka pamwamba kanali kokhoma, ndipo mkuluyo anavomera kuti chigulireni njingayo pa kaunjika sanakatembenuzepo. Chaka chathunthu munthu wakhala akutsika m'miyala ya njira ya ku Chingwe's Hole ndi foloko youma gwaa, mikono ikamuwawa n'kumati vuto ndi kulemera kwake.

Sindikumuseka, poti matenda omwewa inenso ndinadwalapo. Koma ndafika poona kuti kwa ife opalasa njinga chifukwa chongokonda, kulemera kwa foloko ndi nkhani yobwera kumapeto. Chimene chimasintha mayendedwe a njinga m'miyala ndi kutchera foloko molingana ndi thupi lako, kenako kuisamalira. Ziwirizi zimafuna ndalama zochepa kwambiri, ndipo mwina n'chifukwa chake palibe amene amazijambula n'kuziika pa status.

Mafoloko otsika mtengo, monga SR Suntour XCT ndi XCM amene amabwera ndi njinga zambiri, ali ndi sipuling'i yachitsulo m'kati ndipo amalemera kupitirira makilogalamu 2.5. Atsopano amagulidwa pafupifupi madola 100. Ukakwera pang'ono umapeza a mpweya monga RockShox Recon, olemera cha m'makilogalamu awiri, mtengo wake cha m'madola 300. Pamwamba pake pali Reba, ya makilogalamu 1.6 kapena kuposa pang'ono. Ndiye pali mafumu enieni, RockShox SID SL Ultimate ndi Fox 32 Step-Cast, amene amatsika kufika cha m'ma 1.3, mtengo wake kuyambira madola 800 mpaka kupyola 1,000. Pa mtengo wa kubanki, madola 1,000 ndi ndalama zoposa K1.7 miliyoni, zotumizira ndi msonkho tisanawerengere, ndipo tonse tikudziwa kuti kupeza dola pa mtengo umenewo ndi nkhani ina.

Taonani mmene ndalama ikugwirira ntchito pa makwerero amenewa. Kuchoka pa XCM kufika pa Recon ukuchotsa theka la kilogalamu ndi kuposa, komanso ukupeza foloko imene ungaipope molingana ndi kulemera kwako. Apo ndalama yapita pabwino. Koma kuchoka pa Reba kufika pa SID SL ukulipira madola mazana angapo kuti uchotse magalamu 250 mpaka 300, madzi osafika n'komwe theka la botolo la 750 ml limene timapachika pa felemu.

Masamu si mbali yanga, koma awa ngakhale wa Fomu 2 akhoza kuwachita. Tinene kuti munthu, njinga, madzi ndi chikwama zonse pamodzi zikulemera makilogalamu 80. Pa chitunda chenicheni mphamvu yambiri imathera pokweza katundu ameneyu, ndiye nthawi imatsika molingana ndi kulemera kumene wachotsa. Magalamu 250 pa makilogalamu 80 ndi pafupifupi 0.3 peresenti. Ngati kuchoka m'tauni kukafika ku Ku Chawe kumakutengera ola limodzi, wapulumutsa masekondi 11. Kuima kamodzi kuti ugule masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu kwadya kale phindu lonselo.

Alipo anthu amene masekondi 11 amasintha moyo wawo. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, Tom Pidcock wa ku Britain anapambana mpikisano wa cross-country atapalasa ola limodzi ndi mphindi 26, tayala litamuphulikiranso pakati pa ulendo. Victor Koretzky wa ku France anafika patapita masekondi 9, ndipo Alan Hatherly wa ku South Africa anakhala wachitatu atatsalira ndi masekondi 11 ndendende. Mafoloko apamwamba anapangidwira anthu amenewa, amene ali ndi makaniko wawowawo ndiponso salipira zipangizo kuchokera m'thumba. Chondiseketsa n'chakuti foloko ya Pidcock inali ya SR Suntour, dzina lomwe lija timalinyoza tikaliona pa njinga ya mnzathu. Zoona, yakeyo inali yapamwamba, yoyendera zamagetsi, yosiyana kutalitali ndi XCM. Komabe amene amaweruza njinga pongowerenga sitika ya pa foloko ayenera kuchita manyazi pang'ono.

Ndipo akatswiri omwewo ambiri anasiya kuthamangira foloko yopepukitsitsa. Njira za mipikisano zalimba, mwadzaza miyala ndi malo odumpha, ndiye ambiri asamukira ku mafoloko olowa mamilimita 120 m'malo mwa 100, okhala ndi mapaipi onenepa a mamilimita 34 kapena 35 m'malo mwa 32. Avomera kunyamula magalamu ena owonjezera kuti foloko isamagwedezeke akamanga buleki pa mtsetse. Foloko imapepuka pochepetsa chitsulo ndi oyilo wa m'kati, ndipo chimene wachotsacho chinali ndi ntchito yake. Keith Bontrager, wopanga njinga wa ku California, ananena kalekale kuti pa kulimba, kupepuka ndi kutchipa munthu umangosankhapo ziwiri.

Tsono nayi ntchito imene mnzanga uja anailumpha. Ukakwera njinga, foloko iyenera kulowa pang'ono ndi kulemera kwako kokha, usanagunde kanthu. Kulowa kumeneku amakutcha sag, ndipo n'kumene kumathandiza kuti gudumu litsatire nthaka likafika pa dzenje m'malo molendewera m'malere. Pa foloko yolowa mamilimita 100, poyambira pabwino ndi mamilimita 15 mpaka 25. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tsegulani loko, valani chikwama chimene mumayenda nacho, kwerani njinga mnzanu atakugwirirani handulo, imirirani pa mapedulo, mnzanuyo akankhire pansi kamphira kozungulira paipi kaja, kenako tsikani pang'onopang'ono osadumpha. Mpata umene kamphirako kakwera ndiye sag yanu, ndipo rula yapulasitiki ya ku pulayimale ikukwanira kuuyeza. Ikachuluka onjezerani mpweya, ikachepa chotsankoni. Mafoloko ambiri ali ndi katchati komata pa mwendo kosonyeza mpweya woyambira malinga ndi makilogalamu a munthu, koma katchatiko sikadziwa mmene inu mumakhalira pa njinga, ndiye rula ndi imene igamule.

Apa m'pamene pamafunika kapampu kapadera ka mashoko. Malo a mpweya mu foloko ndi aang'ono kwambiri moti mpope wa matayala sungayeze bwino, ndipo pouchotsa mpweya umathawa wambiri. Kapampuka mtengo wake ndi cha m'madola 30. Anthu khumi atasonkherana kamodzi, hositelo yonse yathandizika.

Kenako pali kabatani kofiira kunsi kwa mwendo wa foloko, ka rebound. Kameneka kamalamula liwiro limene foloko imabwerera nalo ikakanikizidwa. Ikamabwerera msanga kwambiri, kutsogolo kumadumphadumpha ngati mpira ndipo tayala limataya nthaka pokhota. Ikamabwerera mochedwa, mwala wachiwiri umaipeza isanawongoke, wachitatu chimodzimodzi, mpaka imatheratu n'kuuma m'manja mwako. Ambiri akamva kuumako amachotsa mpweya poganiza kuti apopa kwambiri, ndiye vuto limangokula. Njira yake ndi yotopetsa: sankhani kamtsetse kamodzi ka miyala, tsikanipo, sinthani kabatani kawiri, tsikaninso, mpaka mumve kusiyana. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Zimatenga masana amodzi ndipo sizifuna tambala, koma sindinaonepo anthu oposa awiri amene analeza mtima n'kuzichita.

Pa chisamaliro m'pamene maloto ambiri amafera. RockShox imalangiza kuti miyendo yapansi ya foloko izitsegulidwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa oyilo watsopano pakatha maola 50 akupalasa, pomwe Fox imati maola 125 kapena kamodzi pachaka. Wopalasa maola anayi pa sabata amakwanitsa maola 50 m'miyezi itatu yokha, ndipo fumbi lathu la mu Okutobala ndi matope a mu Januwale sizichitira chisoni timphira totchinga dothi tija. Abambo okonza njinga pamsika ndi akatswiri, akhoza kukuwongolerani gudumu lopindika pongoliyang'ana ndi maso, koma timphira ndi oyilo wa mafoloko amenewa alibe, ndipo si mlandu wawo, poti makasitomala awo ndi akabaza. Foloko ya madola 900 imene yatha zaka ziwiri osatsegulidwa imakakamira, dothi limakanda mapaipi, ndipo mapaipi akakandika kukonza kwake kumafuna kusintha mbali yonse ya pamwamba. Pamenepo Recon yosamalidwa bwino imaiposa kutali.

Palinso msampha wina umene zithunzi za pa sikelo sizionetsa. Njinga zambiri zofika pa kaunjika ndi zakale: magudumu a mainchesi 26, paipi yolowa mu felemu yofanana kukula kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi ekiselo yopyapyala yomasula ndi dzanja. Mafoloko opepuka atsopano ambiri ndi a magudumu a mainchesi 29, paipi yake ndi yonenepa kunsi, ndipo amafuna ekiselo ya mamilimita 15 pa habu yotambalala mamilimita 110. Wogula foloko yotere amapezeka akufunanso gudumu lina, ndipo nthawi zambiri felemu ina. Njinga ya mnzanga uja ndi ya 26.

Wina anganene kuti munthu ali ndi ufulu wokhumbira chinthu chokongola, ndipo ndikuvomera. Inenso ndimaima pa shopu kuyang'ana nsapato zimene sindingazigule. Ndikuvomeranso kuti kutsogolo kopepuka kumamveka m'manja ukamadumphitsa gudumu pa muzu wa paini, kapena ukamakweza njinga pa masitepe a hositelo poopa akuba. Chimene chimandivuta ndi pamene chikhumbo chavala malaya a nzeru, munthu n'kumadziuza kuti akufuna magalamu chifukwa cha liwiro, chonsecho foloko imene ali nayo sanaipatseko mwayi woonetsa zimene ingachite. Ngati cholinga ndi kupepuka basi, foloko yopepuka kuposa onse ndi yopanda mashoko, imene ya carbon siifika n'komwe kilogalamu imodzi ndipo siifuna oyilo kapena pampu. Kwa amene njinga yake imangoyenda pa tala kuchoka kunyumba kupita m'kalasi, imeneyo ndiye yanzeru, koma palibe amene amailota.

Loweruka lotsatira tinabwereka kapampu kwa mkulu wina amene amayendetsa alendo kuphiri. Foloko ya mnzanga inali ndi mpweya woyenera munthu wa makilogalamu oposa 100, mwina mwini wake wakale wa kunja, pomwe iye safika 60. Tinachotsako mpweya mpaka rula inawerenga mamilimita 20, tinatembenuza kabatani kofiira katatu, n'kutsika njira yomwe ija ya miyala. Atafika pansi anakhala chete akuyang'ana mapaipi a foloko yake, kamphira kaja katakwera pafupifupi mpaka pamwamba. Ndalama akusungabe, koma sabata ino wandifunsa ngati ndikudziwa wina wochokera ku Johannesburg amene angamunyamulireko timphira ndi botolo la oyilo.