Mnyamata wapsa, koma bwana akuwerenga masiku

Pa 17 April 2015, timu ya Chicago Cubs inakweza Kris Bryant kuchoka ku ligi yaying'ono kupita ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America. Akanamuitana dzulo lake, akanakwanitsa masiku 172, omwe pa malamulo a ligiyi amawerengedwa ngati chaka chathunthu cha ntchito. Iye anathera pa 171.

Kwa ife okulira pa mpira wa miyendo, apa pafunika kumasulira pang'ono. Kumeneko wachinyamata sasankha timu. Timu ndiyo imamusankha pa draft, n'kukhala naye mpaka atakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu. Akatero m'pamene amamasuka kukambirana ndi timu iliyonse, ndipo apa m'pamene pali ndalama zenizeni. Ndiye mukangomuchedwetsa milungu iwiri poyamba, chaka choyambacho sichikwana, ndipo mwadziwonjezera chaka china chomugwiritsa ntchito.

A Cubs ankati Bryant akonze kaye kawakhidwe ka mpira. Uyutu ndi munthu amene pa masewero okonzekera ligi chaka chomwecho anamenya ma home run 9, kuposa wina aliyense. Eti zonse zomwe zinkasowa anaziphunzira m'masiku 12? Chaka chimenecho anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu National League, mu 2016 anakhala MVP, ndipo Cubs inatenga World Series patatha zaka 108. Bryant anakadandaula kudzera ku bungwe la osewera, koma mu January 2020 mlandu unamukanika. Akuti palibe lamulo lomwe linaphwanyidwa. Kwa ine, vuto lake ndi lomwelo: lamulo lenilenilo ndi limene likulipira timu ikabisa wosewera wabwino, pomwe masapota alipira matikiti kuti aonere timu yamphamvu.

Amene ankayesa kuti ndi miseche chabe anatseka pakamwa mu February 2021, pomwe kanema wa Kevin Mather, pulezidenti wa Seattle Mariners, anafala pa intaneti. Mkuluyu anauza a Rotary Club mosabisa kuti anyamata awo aluso sakanawakweza mu 2020 poopa kuyamba kuwawerengera masiku. Anatula pansi udindo.

Sindikunena kuti aliyense wowala azingoponyedwa m'madzi akuya. Kuthamanga si kufika. Mu 1973 Texas Rangers inatenga David Clyde, woponya mpira wa zaka 18 wongomaliza kumene sekondale, n'kumuika mu ligi yaikulu kuti anthu adzaze bwalo. Anadzazadi, koma mkono unavuta ndipo masewero ake omaliza mu MLB anali mu 1979. Posachedwapa Jackson Holliday wa Baltimore Orioles anakwezedwa mu April 2024 ali ndi zaka 20, anamenya bwino kawiri kokha pa mipata 34, n'kubwezedwa mwezi womwewo. Pamenepo palibe wodandaula, chifukwa aliyense anaona ndi maso ake kuti mnyamata sanapse. Koma taonani bwino za Clyde: naye anamuthamangitsa chifukwa cha ndalama, monga momwe Bryant anamuchedwetsera chifukwa cha ndalama. Onse awiri, wolamula anali wa ku akaunti, osati kochi.

Mgwirizano wa 2022 pakati pa eni matimu ndi osewera unayesako kukonza. Timu ikayamba chaka ndi wachinyamata wotchuka, iye n'kupambana mphoto ya wosewera watsopano, imapatsidwa mwayi wina wowonjezera pa draft. Mariners yomwe ija inatero ndi Julio Rodríguez mu 2022 ndipo inapindula. Komanso wokhala pa nambala 1 kapena 2 pa mphotoyi amawerengeredwa chaka chathunthu, kaya anakwezedwa liti.

Ndi poyambira pabwino, koma zikuteteza akatswiri ochepa okha. Nanga wothera pa nambala 3? Ine ndikanakonda ufuluwo uzitengera msinkhu wa wosewera, kuti kalendala ichoke m'manja mwa bwana.

A Pittsburgh Pirates anaziona okha. Anasankha Paul Skenes pa nambala 1 mu 2023, koma anamukweza pa 11 May 2024, ati azolowere kaye kuponya nthawi yaitali. Mwina zinali zoona. Mu July anali kale woyamba kuponya pa All-Star Game, kenako anatenga mphoto ija. Chaka chathunthu anamuwerengera, ndipo mwayi wa pa draft Pirates sinaulawe.