Kulimba kwa mlatho kumayambira pa thanthwe la pansi

Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula milatho ndi kudula misewu m'chigawo chakummwera, kotero kuti alimi ndi amalonda ambiri adalephera kufika kumisika. Pomanganso, funso lalikulu ndi lakuti: kodi mizati ya mlatho watsopano yakhazikika pa chiyani?

Madzi osefukira amafukula mchenga pansi pa mizati mpaka mlatho kupendekeka. N'chifukwa chake akatswiri amaboola maenje akuya ndi kuthiramo konkire ya zitsulo mkati, kuti mzati ulume thanthwe lolimba. Kuchigwa cha Shire thanthwelo limakhala pansi kwambiri chifukwa cha mchenga ndi dothi lokokoloka. Kumapiri mwala wapamwamba nthawi zambiri umakhala wofumbutuka.

Mwachizolowezi, akatswiri amatulutsa zidutswa za mwala zooneka ngati timinsi, n'kukazifinya ku labotale mpaka zitasweka. Njirayi ndi yodalirika, koma imaonetsa za malo okhawo amene abooledwa, pamene mwala umatha kusintha pa mamita ochepa chabe.

Lero makina oboolera angathe kuikidwa zida zolemba zinthu zinayi: mphamvu yopotokolera, mphamvu yokankhira pansi, liwiro lozungulira ndi liwiro lolowera m'mwala. Mu 1965 katswiri wina, R. Teale, adaonetsa m'mene manambalawa amawerengetsera mphamvu yofunika kuphwanya mwala wa muyeso wakutiwakuti. Mphamvuyo ikachuluka, ndiye kuti mwalawo ndi wolimba. Ofufuza a ku University of Florida ku America ayesa njirayi pa maziko a milatho. Phindu lake n'lakuti dzenje lililonse limayezedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi: pofooka amapitiriza kuboola, polimba amaleka msanga osawononga simenti.

Komabe mano a makina akabuntha, mwala wofewa umaoneka ngati wolimba, ndipo chimwala chongogubudukira mumtsinje chingathe kuyesedwa thanthwe. Choncho zolemba za makina ziyenera kufananizidwa ndi zotsatira za ku labotale.

Kwa amene akudikira mlatho, miyezi yoboola imaoneka ngati kuzengereza, chikhalirecho ndi pamene moyo wa mlathowo umakhazikitsidwa. Anthu okhala pafupi nawonso ali ndi gawo lawo: kukumba mchenga pafupi ndi mizati kumatsitsa pansi pa mtsinje ndi kuvundukula maziko amene boma lalipira ndi misonkho yawo.