Kalata ya Abusa kwa Amalawi a ku Ekurhuleni: Kumudziwa Phungu ndi Ntchito Yake

Abusa a mipingo imene imasonkhanitsa Amalawi ku Germiston, Boksburg, Kempton Park, Tembisa ndi Daveyton akulemba kalatayi akudziwa kuti ambiri oiwerenga alibe voti kuno ngakhalenso kumudzi. Malamulo a South Africa amalola nzika zokha kuvota, pamene a Malawi amafuna kuti munthu alembetse ndi kuponya voti ali m'dzikomo, kotero kuti pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 ochuluka a ku Joni anangomvera zotsatira pafoni. Komabe munthu wotumiza ndalama ya feteleza ndi ya fizi amamveredwa pakhomo pa makolo ake, ndipo zimene anganene zokhudza wopikisana nawo pa mpando wa dera zimatha kusintha maganizo a banja lonse.

Phungu ndi munthu amene anthu a dera limodzi, mwa madera 229 amene Malawi ali nawo tsopano, amamutuma ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kuti akapange malamulo, akavomereze kapena kukana bajeti, yomwe ndi ndondomeko ya momwe boma lidzapezere ndi kugwiritsira ntchito ndalama, ndiponso kuti akafunse nduna za momwe zikuyendetsera maunduna awo. Abusa akumva chisoni kuti ntchito imeneyi yaphimbika ndi ina imene lamulo silinamupatse. Maliro akachitika ku Tembisa, abale amasonkherana kuti thupi likwere galimoto yodutsa ku Beitbridge ndi ku Mwanza, ndipo kumudzi phungu amayamikiridwa chifukwa wagula bokosi kapena wabwereketsa lole, osafunsidwa ngati anayankhulapo m'Nyumbamo pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kumayambiriro kwa 2024. Chikhalirecho ndalama za nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, za ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg, zonse zimadutsa m'manja mwa aphungu, ndipo wokhala kunja wopanda pasipoti yogwira ntchito ndiye woyamba kulawa zowawa zake.

Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo mu Meyi 2025 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti aphungu asamayendetse nawo thumba la chitukuko cha m'madera, chifukwa woyang'anira ndalama sayenera kukhalanso wozigwiritsa ntchito. Popeza gawo 64 la malamulo aakuluwo, limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, linafafanizidwa mu 1995, dera losankha molakwika limapirira zaka zisanu. N'chifukwa chake abusa akulangiza kuti wofuna mpando adziwike chisankho chisanafike: kumene amapeza chuma chimene akugawacho, ngati amakhala m'deralo kapena amangoonekera nyengo ya kampeni, ngati amabwera ku mitsutso imene bungwe la NICE limakonza, komanso, ngati anakhalapo kale phungu, zimene anayankhula zolembedwa mu Hansard, buku losunga mawu onse a m'Nyumba ya Malamulo.

Kuno zinthu zimayenda mosiyana, pakuti aphungu 400 a ku Cape Town amalowa makamaka kudzera pa mndandanda wa chipani, ndipo oima paokha analoledwa koyamba mu 2024. Woimira anthu amene ali pafupi ndi mlendo ndi khansala. Khonsolo ya Ekurhuleni, imene imakumana ku Germiston, ili ndi makhansala 224, ndipo 112 mwa iwo amasankhidwa ndi mawodi. Iwowa ndiwo amakambirana za madzi, magetsi, zinyalala ndi malamulo a ogulitsa malonda m'misewu. Mneneri Yeremiya, m'mutu 29, anauza otengedwa ukapolo kuti afunire zabwino mzinda umene akukhalamo, ndipo amene akukumbukira ziwawa zochitira alendo za mu Meyi 2008 ku Reiger Park amadziwa kuopsa kokhala osadziwika kwa atsogoleri a malo. Abusa akupempha akulu a mpingo uliwonse kuti apeze dzina la khansala wa wodi imene tchalitchi chawo chili, alilembe pa bolodi la zolengeza pamodzi ndi masiku a misonkhano ya wodi, ndipo asankhe anthu awiri oti azikakhala nawo pa misonkhanoyo.