Mseu Wozungulira Mzinda Sudzatiombola

Ali yense amene anakwerapo basi m'mamawa kucokera ku Chelston kunka m'tauni ya Lusaka adziwa msautso umene ndifuna kunena. Magalimoto andandalika pa Great East Road ngati nyerere, ndipo mai woyenda pansi, mtolo uli pamutu, akupitirirani inu muli khale pa mpando umene mwalipira. Akuru a miseu akamva dandaulo lotere, yankho lao ndi limodzi: tikuze mseu, tilambule wina wozungulira mzinda. Ine ndikana.

Sindinena kuti mseu wozungulira ulibe nchito. Miseu ya ku Kabwe, ku Chipata, ku Kafue ndi ku Mumbwa ikomana pakati peni peni pa Lusaka, pafupi ndi Cairo Road. Lole yocokera ku Chirundu kunka ku migodi iribe cogula m'tauni, ndipo kuilambalalitsa ndi nzeru. Koma si malole amene adzaza mseu pa 7 koloko. Kaimeni pa Munali muwerenge nokha: magalimoto ang'ono mbwee, ambiri muli munthu mmodzi yekha, pamene minibasi imodzi yanyamula anthu oposa khumi.

Mankhwala amenewa Angerezi anayamba kale kuwayesa. Mu 1986 anatsiriza mseu wa M25 wozungulira London, wa mamailo 117. Sipanapite zaka zambiri unadzaza, anaukuza, nudzazanso. Cifukwa cace ncosabisika. Mseu ukatakasuka, amene anali kukwera basi agula galimoto, amene anali kulawira m'banda kuca ayamba kunyamuka pa nthawi ya onse, ndipo eni masitolo amanga m'mbali mwace, sitolo iri yonse ndi cipata cace colowera ndi kuturukira, kufikira mseu wolambalala usanduka msika. Wokuza nkhokwe asanatseke una wa makoswe angowakonzera phwando.

Ifenso tayesa. Kuyambira mu 2018 Boma, ndi ndarama za ngongole zocokera ku India, linamanga maulalo a m'mwamba pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Kuoneka aoneka bwino ndithu, ndipo ine ndemwe ndinakondwa tsiku loyamba kudzerapo. Koma ulalo ungonyamula mzere wa magalimoto nkukautula pa mphambano yotsatira. Ngongoleyo obweza ndinu amene mwatsiriza sukulu caka cino, ngakhale ambiri a inu mudzatha nsapato kufunafuna nchito musanagwirepo ciongolero.

Comvetsa cisoni ncakuti mankhwala eni eni tinali nao, tinataya tokha. Kampani ya mabasi ya UBZ inatsekedwa mu 1995, ndipo sitima ya Njanji, imene inali kunyamula anchito pakati pa Matero ndi Chilenje, inaleka kuyenda zaka za m'ma 1990 zisanathe. Mzinda umene mu 2022 unapezeka ndi anthu oposa mamiliyoni awiri tinausiyira timabasi tating'ono, tolimbirana okwera pa mphambano iri yonse.

Basi yaikuru ipatsidwe njira yaceyace pa Great East Road ndi pa Kafue Road, imene galimoto yina siloledwa kupondamo, kuti kalaliki wa m'basi afike pa nchito bwana wace ali cikhalire pa mzere. Mseu wozungulira ukhale wa malole ndi a ulendo wautali, ndipo Khonsolo ikanize zipata za masitolo m'mbali mwace. Tsono wofuna uphungu akadza kwanu ndi cithunzi ca ulalo watsopano m'manja, mumfunse mwaulemu kuti basi ya ku Kanyama idzadzera pati.