Kamera ya Agogo Yakana Kuphethira

Ndili ku Banket, m'chigawo cha Mashonaland West, mnyamata wina amene amathandiza pa komiti ya zaumoyo m'komboni ya pafamu ina ya fodya anandibweretsera katundu wokulungidwa m'bulangete. M'thumba la malaya ake munali pulayala. "Bambo, ichi n'cha malemu agogo," iye anatero. "Chauma gwaa. Ndimati ndichikoke ndi pulayala, koma amayi andiletsa mpaka inu muchione kaye." Amayi akewo ndikuwathokoza pano pagulu, chifukwa pulayala akanapha m'mphindi imodzi chinthu chimene chapirira fumbi ndi utsi wa m'mabalani kwa zaka zoposa 60.

Inali kamera ya Crown Graphic, yopangidwa ndi kampani ya Graflex ku Rochester, m'dziko la America. Makamera a mtundu umenewu amajambula pa filimu yaikulu ya mainchesi 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, chithunzi chimodzi pa nthawi imodzi. Pakati pake pali chikopa chopindika ngati mvukuto wa wosula makasu, ndipo wojambula amafunda nsalu yakuda n'kumayang'ana pa galasi lakumbuyo, pomwe munthu amaoneka chadodolido. Agogo a mnyamatayu anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene Mthandizi ankalemba anthu a ku Nyasaland ntchito za m'mafamu a Southern Rhodesia. Kamerayi anaigula kwa munthu ku Salisbury, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankazungulira nayo pa njinga m'makomboni a ku Trelawney ndi Banket, kujambula maukwati, matimu a mpira ndi ana obatizidwa.

Chomwe chinauma ndi shata. Aka ndi kachitseko ka m'diso la kamera, kopangidwa ndi timasamba tachitsulo topyapyala kuposa lumo, timene timatseguka ndi kutsekeka mwa kuphethira kuti kuwala kulowe mwa muyeso. Kumbuyo kwa timasambato kuli timagiya ndi timasipuling'i tofanana ndi ta m'wotchi ya pamkono. Mashata ambiri amene mungawapeze ndi Compur, amene kampani ya Friedrich Deckel ku Munich inayamba kupanga mu 1912, Prontor, nawonso a ku Germany, ndi Copal a ku Japan. Zipangizo zake zatsopano n'zosowa kwambiri masiku ano, choncho kachitsulo kakathyoka, kathyoka basi.

Nthawi zambiri shata yomwe anthu amati yafa imakhala kuti yangokodwa. Choyamba kuona ndi kachogwirira kamene kamatsegula timasamba kuti wojambula aone bwino pa galasi asanajambule. Kakasiyidwa kotsegula, shata siingawombe ngakhale mutaikakamiza bwanji; kabwezeni pamalo pake ndi chala, mofatsa. Kenako onani mkombero wa liwiro. Ukaloza pa chilembo cha T, kudina koyamba kumatsegula, ndipo diso limakhala chitsegukire mpaka mutadinanso kachiwiri. Pa B limatseguka nthawi yonse imene chala chili chidinire. Ndaonapo anthu akulira maliro a kamera yabwinobwino chifukwa cha zilembo ziwiri zimenezi. Ngati pali kachingwe kodinira kolumikizidwa ku shata, kachotseni, pakuti kali ndi loko wake ndipo nsonga yake ikhoza kukhala ikukankhabe mkati. Amene ali ndi Speed Graphic, mbale wake wa kamerayi, adziwe kuti iyo ili ndi shata yachiwiri yansalu kumbuyo, ndipo imeneyo ikakhala yotseka simudzaona kanthu pa galasi ngakhale kutsogolo kuli bwino.

Ya mnyamatayu inali ndi vuto lina. Shata yake inali Synchro-Compur, yomwe ili ndi kachogwirira koloza pa zilembo za V, X ndi M. Chilembo cha V n'chochedwetsa kuwomba kwa masekondi angapo kuti wojambula athamange akaime nawo pa chithunzi. Mwana wina anaseweretsa kachogwirirako, timagiya tochedwetsato tinayamba ulendo n'kuima panjira chifukwa girisi wakale anauma ngati utomoni, ndipo shata yonse inaima nato kudikira. Tinamasula diso lonse pa thabwa lake, tinaliika pa nsalu pamalo ofunda koma a mthunzi kwa ola limodzi, kenako ndinaligogoda pang'onopang'ono pachikhatho uku ndikukankhira kachogwirira ndi chala, osapitirira mphamvu imene munthu amathyolera dzira. Kunamveka kulira kwa timagiya ngati nkhululu, kenako kha! Mnyamata anaseka ngati wamva mawu a agogo ake.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mlimi anazolowera kuti chitsulo chikauma mankhwala ake ndi mafuta. Pa pulawo ndi pa tcheni cha njinga n'zoona. Pa shata ndi poizoni. Mafuta a mashini osokera, mafuta ophikira, ngakhale WD-40 amene ambiri timamukhulupirira ngati sing'anga, akafika pa timasamba amatimata pamodzi, ndipo sipuling'i ikakoka timapindika kapena kuchoka pa timisomali take. Timasamba timayenera kukhala touma mbee. Okonza makamera amasungunula girisi wakale ndi madontho ochepa a naphtha, mafuta opepuka aja othira m'zoyatsira fodya, atachotsa kaye magalasi akutsogolo ndi akumbuyo, amene amamasuka mopotokola. Ngati pansi pa galasi pali timphete topyapyala, tisungeni ndi kutibwezera momwe tinalili, apo ayi zithunzi zidzatuluka zachimbuuzi. Ntchitoyi ichitikire panja, kutali ndi mbaula ndi ndudu. Ndinene mosabisa kuti kutsuka kotereku n'kongopepuza. Shata imayenda ikadali yonyowa, ikauma n'kuyambanso ulesi. Kuchiza kwenikweni n'kuimasula yonse, ndipo imeneyo ndi ntchito ya munthu wokonza mawotchi wodekha, osati ya pansi pa mtengo wa mango.

Chenjezo lina: pa mashata akale a Compur musamakankhire mkombero pa liwiro lomaliza, la 1/400 kapena 1/500, mutakoka kale shata. Sankhani liwiro kaye, kukoka pambuyo. Mukamasunga, isiyeni yosakoka, ndipo kamodzi pamwezi muziiwombetsa pa liwiro lililonse, makamaka m'dzinja pamene chinyezi chimabala nkhungu m'magalasi.

Wina afunsa kuti, foni iliyonse ikujambula, tivutikirenji ndi bokosi lachikale? Funsoli n'lomveka, ndipo sindikuuza komiti iliyonse kuti igule filimu m'malo mwa feteleza. Koma pansi pa kamerayo, m'bulangete lomwelo, munali maenvulopu a zithunzi ndi manegetivu, ena olembedwa tsiku, dzina la famu ndi mudzi wa kwawo kwa wojambulidwa. Kuyambira mu 2000, minda itayamba kugawidwa, makomboni ambiri anabalalika, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa gawo 43, anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, wa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo akukhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe ku ofesi amafunsa mayina, zaka ndi malo, ndipo amene ankazidziwa akutha. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chikalata cha kubadwa, koma chimauza banja munthu woti limufunse ndi mudzi woti lilembereko kalata. Ogwira ntchito m'madera, mukapeza maenvulopu otere, musawasiye m'pulasitiki kapena pafupi ndi denga lamalata. Ikani pepala loyera pakati pa manegetivu, ndipo khalani ndi agogo amene atsala atchule mayina inu mukulemba.

Shata ya mnyamata uja ikuwomba bwino kuyambira pa 1/25 kupita m'mwamba. Sekondi imodzi ikutenga pafupifupi atatu, ndipo taipereka kwa wokonza mawotchi ku Chinhoyi. Mvukuto tinauyesa ndi tochi m'chipinda chamdima, tinapeza timabowo tiwiri m'makona. Filimu ya saizi imeneyi ikupangidwabe ndi Ilford ku England, koma n'njodula, choncho tiyamba ndi pepala losindikizira zithunzi m'malo mwa filimu, monga ankachitira ojambula a m'misewu. Amayi ake anena kale kuti woyamba kukhala pampando ndi iwo, atanyamula chithunzi cha bambo awo.