Kuyeza malungo: kachipangizo ka mRDT ndi maikulosikopu

Malungo amayezedwa m'njira ziwiri zikuluzikulu. Yakale ndi yoyang'ana magazi pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Yatsopano ndi ya kachipangizo kapulasitiki koyezera mwachangu kotchedwa RDT, komwe achipatala ku Malawi amakatchula kuti mRDT. Kwa wodwala zonse zimayamba mofanana, ndi kubayidwa pachala, koma njira ziwirizi sizifufuza chinthu chimodzi. Maikulosikopu amaonetsa kachilombo kenikeniko. mRDT imangozindikira puloteni imene kachilomboko kamatulutsa m'magazi. Ubwino ndi zofooka za njira iliyonse zimachokera pa kusiyana kumeneku.

Mbiri

Dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, ndiye anayamba kuona tizilombo ta malungo m'magazi a munthu. Anationa mu 1880 ku Algeria. Mu 1904 Gustav Giemsa anakonza utoto wodetsera magazi kuti tizilomboto tizioneka bwino, ndipo utoto wa Giemsa ukugwirabe ntchito m'malabotale mpaka lero. Komabe kwa zaka zambiri odwala ochuluka mu Africa sankayezedwa n'komwe. Mwana akatentha thupi ankangopatsidwa mankhwala a malungo, chifukwa zipatala zazing'ono zambiri zinalibe labotale, komanso kulorokwini ndi Fansida zinali zotsika mtengo.

Mankhwalawa atasiya kugwira ntchito zinthu zinasintha. Malawi anasiya kulorokwini mu 1993, ndipo mu 2007 anayamba kupereka LA m'malo mwa Fansida. LA ndi wokwera mtengo, ndipo kumugawa mwachisawawa kumafulumizitsa tizilombo kumuzolowera. Mu 2010 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti aliyense woganiziridwa kuti ali ndi malungo aziyamba wayezedwa magazi asanalandire mankhwala. Ku Malawi ma mRDT anafalikira m'zipatala za dziko lonse kuyambira mu 2011.

Mmene njira ziwirizi zimagwirira ntchito

Pa maikulosikopu, wa mu labotale amapaka magazi pa kagalasi m'njira ziwiri. Dontho lochindikala ndi lofufuzira ngati tizilombo tilipo ndi kuwerenga kuchuluka kwake. Magazi opakidwa mopyapyala ndi odziwira mtundu wa kachilomboko, kaya ndi Plasmodium falciparum, amene amapha anthu ambiri ndipo ndiye wofala ku Malawi, kapena P. malariae, P. ovale ndi P. vivax. Magaziwo ayenera kuuma, kudetsedwa, kenako kuyang'anidwa malo osachepera 100 pa kagalasiko asananene kuti mulibe kanthu. Zonsezi zimafuna magetsi kapena kuwala kokwanira, madzi oyera, utoto wosasukuluka, ndiponso munthu wophunzitsidwa bwino amene ali ndi nthawi.

mRDT sifuna zonsezo. Kadontho ka magazi kamaikidwa pa kabowo, n'kuthirapo timadzi tobwera ndi kachipangizoko, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 zotsatira zimaoneka. Mizere iwiri ndiye kuti malungo apezeka. Mzere umodzi wotsimikizira wokha ndiye kuti sanapezeke. Mzere wotsimikizirawo ukapanda kuoneka, kachipangizoko n'kowonongeka ndipo wodwala ayenera kuyezedwanso. N'chifukwa chake mlangizi wa zaumoyo angathe kuyeza mwana pa kiliniki ya m'mudzi, kutali ndi chipatala chilichonse, ndi kumupatsa mankhwala tsiku lomwelo. Pa matenda amene angaphe mwana m'masiku ochepa, umenewu ndi ubwino waukulu kwambiri.

Mabuku ambiri amati maikulosikopu ndiwo muyezo woyerekezera njira zina zonse. Zimenezi n'zoona pokhapokha woyang'anayo akhale katswiri. Katswiri angaone tizilombo ngakhale tili tosakwana 50 mu maikulolita imodzi ya magazi, pomwe WHO poyesa ma RDT imaona ngati angazindikire tizilombo 200 mu maikulolita. Koma munthu amene wayang'ana timagalasi tambirimbiri kuyambira m'mawa, pa makina akale, ndi utoto wokhalitsa, angaphonye tizilombo kapena kutenga zinyalala za utoto ngati tizilombo. M'malo oterowo mRDT yabwino imaposa maikulosikopu, ngakhale sizikoma kunena.

Pamene mRDT imasocheretsa

Ma mRDT ambiri ogwiritsidwa ntchito mu Africa amafufuza puloteni yotchedwa HRP2, imene imapangidwa ndi P. falciparum yekha. Puloteniyi imachedwa kuchoka m'thupi. Munthu angamwe LA, tizilombo tonse n'kufa, koma mRDT n'kumaonetsabe mizere iwiri kwa milungu ingapo, nthawi zina kupitirira mwezi. Vuto lake limaoneka kwa mwana amene anadwala malungo milungu iwiri yapitayo ndipo tsopano watenthanso thupi chifukwa cha chibayo kapena matenda oumitsa khosi. mRDT idzati malungo. Wachipatala akapanda kufunsa mbiri ya mwanayo, amupatsanso LA, ndipo matenda enieniwo amapitirira osachizidwa. M'madera amene ana amadwala malungo kangapo pachaka zoterezi sizachilendo.

Palinso zolakwika za anthu: kuthira magazi ambiri, kuwerenga zotsatira nthawi isanakwane kapena itapitirira, kunyalanyaza mzere wozimiririka, ndi kusunga tizipangizoti pamalo otentha kwambiri. Ndipo mRDT yofufuza HRP2 yokha siona mitundu ina ya malungo.

Tizilombo tozemba mRDT

Nkhani imene ikudetsa nkhawa akatswiri masiku ano ndi ya tizilombo ta P. falciparum timene tasiya kupanga HRP2. Tizilomboti tinataya jini, kutanthauza kachigawo ka chibadwa kokhala ndi malangizo opangira puloteniyo. Timadwalitsa ndi kupha monga tinzake, koma pa mRDT sitioneka, makamaka ngati tatayanso jini ya HRP3, puloteni yofanana nayo imene kachipangizoko kamatha kuzindikira. Tinalengezedwa koyamba mu 2010 kuchokera ku nkhalango za Amazon m'dziko la Peru.

Mu Africa vutoli linaonekera poyera ku Eritrea. Ogwira ntchito m'zipatala kumeneko anayamba kudandaula kuti odwala amene mRDT ikuti alibe malungo akupezeka ndi tizilombo pa maikulosikopu. Kafukufuku wa m'zipatala za ku Ghindae ndi Massawa anatsimikiza kuti tizilombo tambiri tinalibe jini ya HRP2, ndipo mu 2016 dzikolo linasiya kudalira ma RDT amtunduwu. Tizilombo totere tapezekanso tochuluka ku Ethiopia ndi Djibouti, moti mu 2021 alangizi a WHO anapempha kuti achitepo kanthu mwachangu m'chigawo chimenechi. Choyenera kuona apa n'chakuti vutoli linadziwika chifukwa panali anthu amene ankayang'anabe magazi pa kagalasi. Kukanakhala kuti malabotale anatsekeratu maikulosikopu m'makabati, odwalawo akanangobwezedwa kunyumba.

Akatswiri ena akuganiza kuti njira yoyeza kenako n'kupereka mankhwala ndiyo ikuthandiza tizilomboti kuchuluka. Tokhala ndi HRP2 timagwidwa n'kuphedwa, pomwe topanda HRP2 timatsala m'magazi a munthu, udzudzu n'kutitenga kukapatsira ena. WHO imalangiza maiko kuti azifufuza tizilomboti kawirikawiri, ndipo asinthe mtundu wa RDT ngati odwala oposa 5 pa 100 aliwonse akuphonyedwa chifukwa cha vutoli. M'malo mwake pali ma RDT ofufuza puloteni ina yotchedwa pLDH. Imeneyi imachoka m'magazi patangopita masiku ochepa tizilombo titafa, koma ambiri mwa ma RDT amenewa akhala akuvutika kuzindikira malungo pamene tizilombo tili tochepa.

Zimene mRDT singayankhe

mRDT imangoti inde kapena ayi. Singanene kuti tizilombo ndi tochuluka bwanji, pomwe kwa wodwala malungo aakulu amene wagonekedwa n'kumabayidwa jakisoni wa artesunate, dokotala amafuna kudziwa ngati tizilomboto tikuchepa tsiku ndi tsiku. Wodwala akabwerera kuchipatala atamaliza LA koma asakupeza bwino, ndi maikulosikopu amene angasiyanitse mankhwala olephera ndi puloteni yotsalira chabe.

Funso limeneli lakula tsopano chifukwa tizilombo tayamba kuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemisinin, omwe ndi mbali imodzi ya LA. Zimenezi zatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania, dziko lochita malire ndi Malawi. Pofufuza ngati LA akugwirabe ntchito, odwala amatsatiridwa kwa masiku 28, ndipo chizindikiro choyamba cha vuto ndi kupezeka kwa tizilombo m'magazi pa tsiku lachitatu. mRDT ya HRP2 ingaonetse mizere iwiri pa tsikulo kaya mankhwala agwira kaya alephera. Kuwerengako kumachitika pa kagalasi, ndi anthu awiri osaonetsana zimene apeza, ndipo akasiyana kwambiri amaitanitsa wachitatu.